Mwagula Toyota 86? Yambani ndi matayala

Ambiri ikangofika kuchokera ku Japan amathamangira kugula ekizozi yaphokoso. Dikirani kaye abale, ndalama yoyamba ipite ku matayala.

Toyota 86 yoyamba, ya 2012, ya mtundu wa GT, inkatuluka ku fakitale ndi Michelin Primacy HP, 215/45 R17, ndipo matayalawa sachedwa kuterereka mukakhota mothamanga. Mukaika ogwira msewu ngati Michelin Pilot Sport 4, mumva kusintha tsiku lomwelo: imaima pafupi, imamvera chiwongolero. Onaninso manambala anayi a m'mbali mwa tayala. Mwachitsanzo, 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 mu 2019. Tayala lokalamba limauma ngakhale mizere yake ikuoneka yakuya.

Kenako mabuleki. Khuthulani brake fluid (mafuta a mabuleki) yakale muike yatsopano ya mtundu wa DOT 4, chifukwa yakale imayamwa chinyezi ndipo imawira ikatentha. Potsetsereka kupita ku Chikwawa, pedulo imatha kungolowa pansi. Ma pad abwino agulireni pomwepo.

Zotsitsa galimotoyo pansi ine sindikulimbikitsa, mahampu ndi maenje athu aphwanya bampa. Zowonjezera mphamvu pa kompyuta ya injini zidikire mpaka mutaizolowera galimotoyo.