Momwe mungathandizire ana kuthokoza ogwira ntchito kuchipatala nthawi ya mliri

Choyamba, mwana musapite naye kuchipatala kuti akapereke yekha khadi lothokoza ayi. Matendawo ali komweko, komanso ogwira ntchito kumeneko amakhala bize zedi moti mlendo aliyense ndi ntchito ina yowonjezera. Zonse zipangidwire kunyumba basi.

Yambani ndi kucheza naye kaye, mumufunse kuti iyeyo akuganiza kuti namwino amatani tsiku lonse, mudzaseka ndi mayankho ake koma ndi pomwe mupezere poyambira. Muuzeni zoona zogwirizana ndi msinkhu wake, zoti nthawi ya COVID-19 ena ankavala masiki maola ambirimbiri mpaka kumaso kutuluka zilonda, ena ankagona kwina osabwerera kunyumba kuopa kupatsira ana awo. Wamkulupo mutha kumuuza kuti bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linayerekeza kuti ogwira ntchito zaumoyo pafupifupi 115,500 anamwalira ndi COVID-19 padziko lonse pakati pa Januwale 2020 ndi Meyi 2021, koma wa zaka zisanu zimenezo musamuuze, angoyamba kulota zoopsa.

Kenako mpatseni pepala ndi makrayoni. Ku Italy mu 2020 ana ankajambula utawaleza n'kupachika pawindo kapena pakhonde, ndipo ana a ku UK anatengera zomwezo. Wanuyo ajambule zomwe akufuna, kaya ndi ambulansi ya matayala asanu zilibe kanthu.

Apa ndiye makolo ambiri timalakwitsa, timamulanda mwana cholembera kuti zioneke bwino. Msiyeni! Masipelo olakwikawo ndi omwe amasonyeza kuti walemba ndi mwana weniweni, ndipo munthu yemwe wachezera usiku wonse muwodi amakhudzidwa ndi zimenezo kuposa khadi logula lomwe mawu ake analemba ndi fakitale. Chomwe mungachite inu ndi kumufunsa kuti "ukuwathokoza chifukwa chani?" kuti asathere pa zikomo yekha, atchuleko chinthu chimodzi, monga kuti anasamalira agogo kapena anamubaya katemera osamukalipira akulira.

Mumukumbutsenso kuti kuchipatala si adokotala okha. Kuli okolopa, ochapa zofunda za odwala, madalaivala, a kulabu, alonda apageti, anthu oti kachiromboko amakumana nako tsiku ndi tsiku koma makadi sawafika. Khadi limodzi lipite kwa iwowo.

Potumiza, njira yosavuta ndi kujambula pafoni n'kutumiza pa WhatsApp kwa wina yemwe mukumudziwa kuti amagwira ntchito kumeneko, iye agawira anzake. Ngati mukufuna lipite pepala lenilenilo imbani kaye mufunse, zipatala zina nthawi ya mliri sizilola zinthu zochokera kunja. Kavidiyo akuyimba nakonso kali bho, koma mukakaika pa Facebook dzina lonse la mwana ndi sukulu yake zisaoneke.

Ana aang'ono osatha kulemba akhoza kuwomba m'manja pakhomo, ku UK ankatero Lachinayi lililonse 8 koloko madzulo kuyambira pa 26 Malichi 2020. Ngati mukusowa tsiku, pa 12 Meyi ndi tsiku la anamwino padziko lonse.

Mumuuziretu mwanayo kuti mwina yankho silibwera, osati chifukwa sanakonde koma nthawi alibe, apo ayi azikufunsani m'mawa uliwonse kuti "ayankha?"