Malangizo kwa Mwini Vaneti Yokwezedwa: Werengani Musanalongeze Katundu

Pepala ili limapita limodzi ndi zida zokwezera vaneti: masipuling'i a kumbuyo, ma coil a kutsogolo, ma shock, ma U-bolt ndi ma bush. Talembera inu a ku Zambia amene mumakhala kapena kuoda katundu muno mu Johannesburg. Lisungeni m'motoka, ndipo aliyense amene mudzamupatsa makiyi aliwerenge asanayambe ulendo.

Kukweza motoka sikuwonjezera katundu amene ingasenze

Tayamba ndi nkhani iyi chifukwa ambiri amagula zida izi ali ndi maganizo olakwika. Pa motoka yanu pali kachitsulo kapena kapepala komata, nthawi zambiri pa mphuthu ya chitseko kapena mkati mwa boneti, pamene palembedwa GVM. Nambala imeneyo ndiyo malire a kulemera konse: motoka yeniyeniyo, mafuta, inuyo, okwera nawo, kanopi, bull bar, tayala la sipeya ndi katundu. Pomwepo palinso malire a ekiselo ya kutsogolo ndi ya kumbuyo. Zida zimene mwagulazi sizisintha nambala ngakhale imodzi.

Masipuling'i a ku fakitale ali ndi ubwino umodzi umene anthu sauyamikira: mukachulutsa katundu, kumbuyo kumakhala pansi, aliyense n'kuona kuti zanyanya. Masipuling'i olimba amabisa zimenezo. Motoka imaima chilili ngati ilibe kanthu, koma mabuleki, ma bearing, ekiselo, matayala ndi chassis ndi zomwe zija. Ndi izo zimene zimalipira.

Pitani m'mawa ku Dragon City kapena ku Crown Mines mukaone mmene anthu amalongezera: mabokosi a matailosi kumapeto kwenikweni pa chitseko cha kumbuyo chifukwa anagulidwa pomaliza, firiji yoimirira pakati, mabelo a mabulangete pamwamba pa kanopi, zonse zomangidwa ndi neti. Pa double cab kalongezedwe kameneka n'koopsa kwambiri, chifukwa malo a katundu ndi aafupi ndipo mbali yaikulu ili kumbuyo kwa ekiselo. Katundu wolemera akakhala kumeneko, mawilo a kutsogolo amapepuka, chiwongolero chimayamba kuyandama, ndipo mukagwa m'dzenje chassis imatha kupindika pakati pa cab ndi malo a katundu. Cholemera chiyambe kulowa, chitsamire ku cab, chikhale pansi. Chopepuka ndicho chipite pamwamba. Ngati mukukoka tirela, kulemera kumene imatsamira nako pa tow bar kumawerengedwa pa katundu wa motoka.

Musayeze ndi maso. Pitani pa sikelo ya mamotoka mutalongeza kale, okwera onse ali mkati, muyerekeze ndi nambala ya pa kachitsulo kaja.

Kugubuduka

Zida za mtundu uwu zimakweza motoka ndi mamilimita pafupifupi 40 mpaka 50. Zimaoneka zochepa, koma injini, cab, anthu ndi katundu zonse zakwera limodzi, ndiye pakona motoka imapendekeka kuposa kale. Onjezani katundu wa padenga, muone kuti kukhota kwadzidzidzi kumene kale mukadapulumuka nako tsopano kutha kuigubuduza. Amene mumadzera ku Botswana mukudziwa kuti pakati pa Nata ndi Kazungula njovu imatulukira pamsewu osayembekezera, makamaka usiku. Odzera ku Beitbridge muli ndi makona a mapiri a ku Chirundu, mbali zonse ziwiri za Zambezi. Chepetsani liwiro musanafike pakona, osati muli kale mkati mwake. Wilo likatsika m'mphepete mwa tara, musakhotetse mwamphamvu pofuna kubwerera. Chotsani phazi pa mafuta, motoka ichepe liwiro, mubwerere pang'onopang'ono. Aliyense amange lamba.

Masiku oyamba yendani nayo yopanda katundu mpaka muizolowere. Si motoka imene munazolowera ija.

Kwa makanika amene akuika zida

Motoka ikhale pa ma stand achitsulo. Jeke yekha ayi, njerwa ayi. Coil ya kutsogolo ichotsedwe ndi chopanira chake. Ikapulumuka m'manja imathyola nsagwada.

Ma U-bolt akale atayidwe. Akamangidwa kamodzi amatanuka, ndipo sagwiranso ngati poyamba. Atsopanowo amangidwe mosinthanasinthana ndi torque wrench, pa mlingo wolembedwa m'buku la motoka, osati ndi paipi yoika ku sipanala. Pakatha makilomita 500 amangidwenso, chifukwa masamba a sipuling'i amakhala atakhazikika ndipo manati amakhala atamasuka pang'ono. Eni motoka, apa ndi panu: musaike zida Lachisanu n'kunyamuka ulendo wa ku Lusaka Loweruka. Makilomita 500 adzakwanira muli kutchire, katundu ali pamsana, torque wrench ili ku Johannesburg.

Mabauti a ma bush a labala amangitsidwe motoka itatera pa mawilo ake. Mukawamangitsa ili m'malere, labala amapotoka ikatsika ndipo amang'ambika msanga.

Mawilo ali lende, onani paipi ya mafuta a buleki ndi waya wa ABS: zisakokeke, zisakhudze tayala mukakhotetsa mpaka kumapeto. Mavaneti ambiri akale opanda ABS ali ndi valavu kumbuyo imene imagawa mphamvu ya buleki poona mmene motoka yatsikira ndi katundu. Mukakweza osasintha kachitsulo kake, valavuyo imayesa kuti motoka ilibe katundu nthawi zonse, n'kumachepetsa buleki ya kumbuyo pamene mukuifunitsitsa.

Zoletsedwa: kudula coil, kutenthetsa sipuling'i ndi moto, kuwotcherera tsamba lothyoka, kusanjikiza ma block awiri pansi pa sipuling'i, kuika spacer pamwamba pa coil imene ndi yokweza kale, ndi kuchotsa ma bump stop. Pa mavaneti a torsion bar, kupotokola bauti mpaka kumapeto kumakwezadi kutsogolo mwaulere, koma wilo limasowa malo otsikira ndipo limadumpha pa msewu wa mabampu m'malo mogwira pansi. Mukapitirira mlingo wa zida izi, ball joint ya pamwamba ndi ma CV joint zimagwira ntchito zitapindika kwambiri. Ball joint ikaduka, wilo limagona pansi motoka ili pa liwiro.

Ntchito ithe ndi alignment, kenako malaiti a kutsogolo awongoledwe kuti asathobwe anzanu m'maso. Motoka zatsopano zokhala ndi kamera kapena radar kutsogolo zipite kwa odziwa kuti akazichune.

Matayala aakulu

Ambiri akakweza amafunanso matayala aakulu. Tayala la 265/65 R17 ndi lalitali mamilimita pafupifupi 776, pamene la 285/70 R17 ndi pafupifupi 831. Kusiyana kwake ndi 7 pa 100 iliyonse. Liwiro limene singano ikusonyeza silikhalanso lolondola: pamene kale munali pa 120, tsopano muli pafupifupi pa 128, ndipo kamera yojambula liwiro ya pa msewu wa N1 siifunsa za matayala anu. Tayala lalikulu ndi lolemeranso, motero motoka imatenga mtunda wautali kuti iime. Onani nambala ya katundu yolembedwa pa tayala, isachepere ya matayala a ku fakitale.

Lamulo, inshuwalansi ndi warranty

Lamulo la pamsewu la muno mu South Africa, National Road Traffic Act ya 1996, limaletsa kuyendetsa motoka yosayenera pamsewu, ndipo kupitirira GVM ndi mlandu. Wapolisi wa pamsewu, kaya wa JMPD (apolisi a mzinda wa Johannesburg) kaya wa m'chigawo china, ali ndi mphamvu yolamula kuti motoka isayendenso mpaka ikayesedwe. Ngati motoka yanu ili ndi nambala ya ku Zambia, kumbukirani kuti ikadzafika nthawi ya fitness idzaonedwa ndi a RTSA, bungwe loona za pamsewu ku Zambia.

Auzeni a inshuwalansi mwa kalata kapena imelo kuti mwakweza motoka, musunge yankho lawo. Kusintha kumene simunawauze atha kukugwiritsa ntchito pokana kulipira ngozi ikachitika.

Kuyambira pa 1 July 2021, malangizo a Competition Commission ya muno amalola kuti muikitse zida zosakhala za fakitale ku galaja yodziimira payokha motoka idakali pa warranty. Koma chimene chawonongeka chifukwa cha zidazo kapena kaikidwe kake, opanga motoka sakakamizidwa kuchilipira. Sungani risiti ndi pepala la alignment.

Nthawi yoimika motoka

Imani pamalo abwino ndipo musapitirize ulendo mukamva kugogoda kutsogolo podutsa pa hampu, kulira kwa "ta-ta-ta" pokhota, kunjenjemera kumene kunalibe kale, kapena motoka ikamakokera mbali imodzi pomanga buleki. Pa boda, pamene mukudikira mapepala, suzumirani pansi ndi tochi: shock yonyowa mafuta, labala wa CV wong'ambika amene wamwaza girizi, dzimbiri longa ufa wofiira pa ma U-bolt, kapena tsamba la sipuling'i limene lasuntha pa mzere wa anzake. Mukaona chimodzi mwa izi, tsitsani katundu wina ndipo makanika aione musanalowenso pamsewu waukulu.