Musanakonzetse mano akutsogolo, yambani mwadzifunsa izi

Ndinagwa pa njinga ndikuchokera ku msika wa Kapata ku Chipata, dzino langa lakutsogolo n'kubenthuka pakati. Silinkapweteka, ndiye ndinakhala nalo zaka ziwiri. Koma ine ndimaphunzitsa Giredi 1, ndipo aliyense amene anaphunzitsapo ana kamvekedwe ka zilembo akudziwa kuti "s" ndi "f" zimadalira mano akutsogolo. Ana ankamva kamluzu. Kuseka ndinkaseka dzanja lili pakamwa, ngakhale kukwaya. Nditati ndikalimatitse, apongozi anga anati, "Amake mwana, nsima mukudya bwinobwino, chavuta n'chiyani? Kunyadatu kumeneko."

Mawu amenewo anandiwawa, koma anandithandiza kuganiza mofatsa.

Choyamba dzifunseni ngati vutolo likukulepheretsani kutafuna, kulankhula kapena kuyang'ana anthu. Ngati munasiya kudya mondokwa, kapena simulankhulanso pamsonkhano poopa kuti akuonani m'kamwa, kumeneko si kunyada ayi. Dzino lozulidwa nalonso musalione mopepuka. Mano oyandikana nawo amapendekera m'mpatamo pang'onopang'ono, ndipo lija loyang'anizana nalo limatalika chifukwa lasowa linzake logundana nalo. Dzino loikirira limateteza otsalawo.

Kenako pitani kukapimitsa m'kamwa monse musanatchule n'komwe za kukongola. Kuno kwathu madokotala a mano alipo ku Chipata Central Hospital, ndipo ngati mwasankha wapulayiveti, funsani ngati analembetsa ku Health Professions Council of Zambia, bungwe lolembetsa ogwira ntchito zaumoyo. Musachite manyazi kufunsa, m'kamwamo ndi mwanu. Nkhama zotuluka magazi ndi mano obooka zichire kaye. Ine anayamba andipala zouma zimene zinakanirira m'mphepete mwa nkhama, ndipo tsiku lomwelo mano anaoneka oyera kuposa mmene ndinkaganizira.

Funso limene ndimaliona lalikulu ndi ili: adokotala, kodi mupala zochuluka bwanji pa dzino langa labwinobwino? Chikuto cholimba cha kunja kwa dzino chikatha sichimeranso. Kumata ndi phala loyera lofanana ndi dzino, monga anachitira ine, sikuwononga dzino kwenikweni, ngakhale pakapita zaka limatha kuthimbirira kapena kubenthuka n'kufunika kumatanso. Koma ma veneer (tizigamba topyapyala tomata kutsogolo kwa dzino) ndi zisoti za mano (zophimba dzino lonse) kawirikawiri zimafuna kuti dzino lipalidwe, ndiye kuyambira pamenepo dzinolo lizidalira chovala chakecho moyo wonse. Pa dzino losweka kwambiri n'zoyenera. Pa mano athanzi, pongofuna kufanana ndi munthu amene mwamuona pa Facebook, ine ndikanati dikirani kaye. Mwana wa mchemwali wanga ankafuna kutseketsa mpata wake wachibadwa wa pakati pa mano, mpata womwe agogo athu ankauyamikira kuti ndi kukongola. Ndinamupempha adikire chaka. Mpaka lero akadali nawo.

Za kuyeretsa mano, chonde siyani makala, phulusa, soda ndi mandimu. Zimapala chikuto chija, ndipo chikapyapyala mbali yachikasu yam'kati imaonekera kwambiri, mano n'kuyamba kuyayamira mukamwa madzi ozizira. Mawanga ofiirira amene ena anakula nawo chifukwa chomwa madzi okhala ndi mchere wa fluoride wambiri ali ana amakhala m'kati mwa dzino, sachoka ndi mswachi. Dziwaninso kuti mankhwala oyeretsa sasintha mtundu wa pomatidwa, choncho ngati mukufuna zonse ziwiri, kuyeretsa kuyambe.

Mtengo aulembe papepala, pamodzi ndi maulendo amene mudzabwerere. Akakutumizani ku Lusaka, monga pa nkhani ya mawaya owongolera mano, werengerani basi ya ulendo uliwonse, chifukwa mawayawo amafuna kuwaunika pafupipafupi kwa chaka ndi kupitirira.

Ndipo ngati mwana wanu wagwa, dzino lachikulire n'kuzuka lonse, musalitaye padenga. Ligwireni kumutu osati kumuzu, liikeni mumkaka, muthamangire nalo kuchipatala ola lisanathe. Nthawi zina amatha kulibwezera.