Momwe mungamangire doko la maboti ku Florida popanda kulimbana ndi malamulo a manatee

Ku Florida, m'dziko la America, amene akufuna kumanga doko loimikapo maboti ambiri amayamba waganizira za manatee asanaitane n'komwe wojambula mapulani. Manatee ndi chinyama cha m'madzi, thupi ngati la mvuu koma chopanda miyendo, cholemera makilogalamu pafupifupi 450, ndipo chimadya udzu womera pansi pa nyanja. Chimayenda pang'onopang'ono m'madzi osaya n'kumavuuka kuti chipume, motero maboti othamanga amachigunda kapena kuchitema ndi mapulopela.

Choyamba pezani Manatee Protection Plan, pulani yotetezera manatee, ya county yanu (county ndi chigawo chokhala ngati boma laling'ono). Mu 1989 boma la Florida lidalamula ma county 13, kuphatikizapo Brevard, Lee, Citrus, Broward ndi Volusia, kuti alembe mapulani otere, ndipo amawavomereza ndi a bungwe loona za nsomba ndi nyama zakutchire la FWC. Tsegulani mapu a gombe amene ali m'menemo, muone chigawo chimene malo anu agwera. Kwina amalola maboti ambiri, kwina amakuwerengerani, ndipo kumene manatee amasonkhana kwambiri lamulo lofala ndi lakuti boti limodzi la injini pa mafiti 100 alionse a gombe lanu. Ngati muli ndi mafiti 600, ndiye maboti 6 basi, ngakhale banki itakubwerekani ndalama za maboti 40. Chitani izi musanagule malo. Ogulitsa ena amangoti "pano doko limatheka", osatchula kuti la maboti angati.

Powerenga musaiwale maboti osungidwa pamtunda m'mashelefu, ngakhalenso malo oimika matilera pafupi ndi potsitsira maboti. Mapulani ambiri amawawerengera limodzi, poti onsewo amakathera m'madzi omwewo. Njira yachidule ilipo: kugula doko lakale lomwe malo ake oimikapo maboti adalembedwa kale ku boma, chifukwa nthawi zambiri chiwerengero chakalecho chimasungidwa. N'chifukwa chake doko lowola matabwa limakwera mtengo modabwitsa.

Pamene ambiri amagwa ndi pa kafukufuku wa udzu wa pansi pa madzi. Udzuwu umachuluka m'nyengo yotentha n'kuchepa m'nyengo yozizira, choncho mabungwe a boma amafuna kuti kafukufuku achitike pakati pa 1 June ndi 30 September. Wobwera mu February ndi mtengo wotsika, n'kumati "ndangosuzumira ndili m'boti, udzu palibe", akuwonongerani chaka chathunthu. Lipoti lake likakanidwa mudikira June wina, kwinaku ngongole ikubereka. Wodziwa ntchito amalowa m'madzi, kutsata mizere yoyezedwa, kulemba mtundu wa udzu, kuchuluka kwake ndi malire ake pa GPS. Mufunseni malipoti ake akale amene adadutsa. Muuzeninso ayeze kuya kwa madzi nyanja itaphwera, kuyambira padoko mpaka kukafika mumsewu waukulu wa maboti, osati padoko pokha. Pakapezeka posaya pakati pa njirayo, mapulopela adzalima udzu, ndipo opereka chilolezo amaona zimenezi msanga pa zithunzi za m'ndege. Nkhani ya udzu idakula kwambiri mu 2021, pamene manatee pafupifupi 1,100 adafa m'chaka chimodzi, ambiri chifukwa cha njala udzu utatha ku Indian River Lagoon, nyanja yosaya ya kugombe la kum'mawa kwa Florida.

Lipoti likakhala m'manja, ndiye jambulani. Ngati mlatho wopita padoko udutsa pamwamba pa udzu, ukhale mafiti 5 pamwamba pa mlingo wa madzi nyanja ikadzaza, m'lifupi usapose mafiti 4, ndipo pakati pa matabwa pasiyidwe mpata wa theka la inchi kuti dzuwa lifike pansi. Zitsulo kapena mapulasitiki a mabowo amalowetsa kuwala kuposa matabwa, ngakhale amadula. Malo oimika maboti enieniwo akankhireni kuseri kwa udzu, kwakuya. Pokocheza zombo zikuluzikulu ikani zotchinga zosiya mpata wa mafiti 4 pakati pa chombo ndi khoma, kuti nyama isapanikizike. Mapaipi otaya madzi a kukamwa kwa mainchi 8 mpaka mafiti 8 atchingeni ndi zitsulo zosiya mipata yodutsa madzi, chifukwa manatee amalowamo n'kukanirira.

Onaninso ngati muli pafupi ndi madzi ofunda. Madzi akazizira kutsika madigiri 20 a Celsius, manatee amathawira ku akasupe monga Blue Spring ndi Crystal River, kapena kumene malo opangira magetsi amatayira madzi otentha. Kumeneko yembekezerani kuletsedwa kugwira ntchito m'madzi m'miyezi yozizira.

Zikalata zipite ku county, ku Florida DEP (dipatimenti yoteteza chilengedwe) kapena ofesi ya zamadzi ya chigawo chanu, ndi ku Army Corps of Engineers, bungwe la boma la America lopereka zilolezo zomanga m'madzi. Pomanga, manatee akafika mafiti 50 kuchokera pamakina zimitsani zonse mpaka achoke yekha, osamuthamangitsa. Maboti a ntchito aziyenda mwapang'onopang'ono osautsa mafunde, makatani otchinga matope amangidwe bwino kuti asakole nyama, ndipo zikwangwani zikhomedwe doko lisanatsegulidwe.