Poto wa banja lonse si wa munthu woyenda yekha

Chilimwe chino, kuyambira pamene anthu anamaliza kukolola, njira zolowera chakunkhalango ya Dzalanyama ndi zokwera mapiri a Nkhoma ndi Bunda zachuluka anthu oyenda okhaokha ndi zikwama kumsana. Ena ndi alimi a njuchi amene amakagona kutali pokayendera ming'oma yawo, ena ndi achinyamata a mumzinda wa Lilongwe amene ayamba kukonda kukwera mapiri kumapeto kwa sabata. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti ambiri mwa iwo akulakwitsa pa chinthu chimodzi: akunyamula poto wa kunyumba, uja wokhuthala wophikira nsima ya banja lonse, pamene wodya ndi mmodzi yekha, ndipo chivundikiro chake akuchisiya kukhitchini poganiza kuti apepukitsa katundu.

Kulemera kwa potoyo ndiko kumayamba kulanga mwini wake. Poto wamkulu wa amisiri osungunula aluminiyamu amatha kupitirira kilogalamu imodzi, pamene poto wa lita imodzi wa aluminiyamu wa kufakitale, pamodzi ndi chivundikiro chake, amalemera pafupifupi magalamu 200. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho munthu amene wanyamula chipoto chija wasenza kulemera kumene kukanakhala madzi akumwa, m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala pamene timitsinje tambiri ta m'mapiri timakhala titaphwa. Komanso poto wamkulu salowa m'chikwama, ndiye amamangidwa kunja ndi lamba wa mphira, n'kumagunda msana ndi kukola m'nthambi, ndipo pamalo otsetsereka amakokera munthu kumbuyo. Kugwa pathanthwe uli wekha, kopanda wokuthandiza ndiponso kumene foni siigwira, si nkhani yoti tiziichepetsa.

Vuto lachiwiri limaonekera pamoto, ndipo ili ndi limene limandipweteka kwambiri monga mlangizi. Chitsulo chokhuthala chimayamba chamwa moto wambiri madzi asanafunde n'komwe, ndipo timadzi ta nsima ya munthu mmodzi tikathiridwa m'poto wotakasuka wopanda chivundikiro timamwazikira pansi n'kumathera m'nthunzi. Munthu amaonjezera madzi, amaonjezeranso nkhuni, moto umakula kuposa mmene ukufunikira, ndipo izi zikuchitika pamene udzu wauma gwa ndiponso mphepo ikuomba mwamphamvu. Dzalanyama inakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa m'chaka cha 1922, ndipo n'kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene umadzaza madamu a Kamuzu, omwe madzi ake timamwa mumzinda muno. Nkhalangoyi yavutika kale ndi ootcha makala, moti mu 2015 boma linachita kutumizako asilikali kuti akaiteteze. Sizimveka kuti ife amene timati timakonda chilengedwe tizikaonjezera lupsa chifukwa chongofuna kuwiritsa makapu awiri a madzi.

Amene amapitirira mpaka ku Dedza kapena ku Mulanje adziwenso kuti pamwamba pa phiri madzi amawira asanatenthe mokwanira. Pansonga ya Sapitwa, pamtunda wa mamita 3,002, madzi amawira pa madigiri pafupifupi 90 m'malo mwa 100, choncho chakudya chimachedwa kupsa, ndipo wopanda chivundikiro amavutika kawiri.

Ndikawafunsa chifukwa chimene amanyamulira poto wamkulu, yankho limakhala lomwelo lakuti nsima siipsa m'kapoto kakang'ono, ndiponso kuti makolo athu ankayenda ndi miphika ikuluikulu. Kunena zoona, mawu amenewa anditopetsa. Makolo athu ankayenda m'magulu, wina atasenza ufa, wina mphika, wina madzi, ndipo ankaphikira anthu ambiri pamoto umodzi. Munthu woyenda yekha alibe womugawira katundu, ndiye palibe chifukwa chomamatirira chizolowezi chimene chinapangidwira ulendo wa mtundu wina.

Mlimi wina wa njuchi wa m'dera la mfumu yaikulu Masula anandifotokozera zimene zinamuchitikira mwezi wathawu. Ananyamuka m'mamawa ndi poto wa mayi a kunyumba, ufa, usipa ndi chigubu cha madzi, ndipo dzuwa litafika paliwombo mapewa anali atatupa. “Alangizi,” anatero bamboyo, “ndinaona kuti ndikapitiriza chonchi sindikafika, ndiye potoyo ndinabisa pansi pa mwala kuti ndidzatenge pobwerera.” Usiku umenewo anagona atangotafuna usipa wootcha pamakala, ufa uli phee m'thumba, ndipo kutacha analibe mphamvu zokwera mumtengo kukatsitsa ming'oma, moti anabwerera ntchito isanathe. Pobwerera sanazindikirenso mwala uja. Kunyumba anafika wopanda uchi ndiponso wopanda poto, ndipo banja linalowa m'thumba kugula wina pamsika wa Mitundu.

Sindikunena kuti muthamangire poto wopyapyala kwambiri amene mungamupeze. Achinyamata ena akuitanitsa kunja mapoto a titanium chifukwa anawerenga pa intaneti kuti ndi opepuka koposa, ndipo n'zoona kuti ndi opepuka, koma chitsulo chimenechi sichimwaza kutentha bwino. Chimatentha pamalo okhawo amene lawi lakhudza, choncho chimayenera anthu amene amangowiritsa madzi a tiyi kapena othira m'chakudya chouma cha m'mapaketi. Ife timaphika phala, timathira ufa n'kuthyakula ndi mthiko, ndipo m'poto wotere nsima imapserera pakati m'mbali musanapse. Mapoto opyapyala a stainless steel ali ndi vuto lomwelo, kuonjezera apo ndi olemera, popeza chitsulo chimenechi chimalemera pafupifupi katatu kuposa aluminiyamu. Zitini za penti kapena za mankhwala zokha musaziyerekeze n'komwe kuphikiramo, ngakhale mutazitsuka motani.

Tsono pogula, funani poto wa aluminiyamu wa kufakitale wa pakati pa lita imodzi ndi lita imodzi ndi theka, wamfupi ndi wotakasuka pang'ono kuti mthiko uzitembenuka, wokhala ndi chivundikiro chokwana bwino. Mufinye m'mbali ndi zala muli pamsika pomwepo, ndipo ngati akupindika mosavuta musiyeni, chifukwa sadzapirira kuthyakula. Chigwiriro chikhale chachitsulo chopindika, osati chapulasitiki chimene chimasungunuka pamoto wa nkhuni, ndipo sefuliya yaing'ono yopanda chigwiriro imathandizanso bola mukhale ndi kansalu kogwirira. Mapoto osungunula kuchokera ku zitsulo zakale za galimoto apeweni, popeza zitsulo zotere zimatha kukhala ndi mtovu. Dulani mthiko ukhale waufupi, ikani machesi, mchere ndi kapu m'kati mwa potoyo kuti malo asawonongeke, ndipo yesani kuphikamo nsima kamodzi kunyumba musananyamuke. Musanalowe m'nkhalango yotetezedwa, funsani a zankhalango malo amene kusonkha moto kumaloledwa.