Kayendedwe kabwino pokaona malo a Minnesota Historical Society

Bungwe la Minnesota Historical Society lidakhazikitsidwa mu 1849, ndipo limasamalira nyumba zosungiramo zinthu zakale pamodzi ndi malo ena a mbiri oposa 20 m'chigawo cha Minnesota ku America. Mlendo wa masiku ochepa sangawafike onse, choncho ndi bwino kusankhiratu awiri kapena atatu.

Musananyamuke, onani masiku otsegulira pa tsamba la intaneti la bungweli, chifukwa malo ambiri akumidzi amatsekedwa kapena amachepetsa masiku m'nyengo yozizira. Ngati mukufuna kufika malo angapo, yerekezerani mtengo wa matikiti ndi wa umembala wa pachaka, umene umalola munthu kulowa osalipiranso.

Yambirani ku Minnesota History Center mumzinda wa St. Paul, kumene kulinso laibulale ya Gale Family yosunga nyuzipepala ndi zithunzi zakale. Mukachoka kumeneko, lipatseni tsiku lathunthu linga la Fort Snelling, lomwe lidamangidwa pamene mitsinje ya Mississippi ndi Minnesota imakumana, malo amene anthu a mtundu wa Dakota amawatcha Bdote ndipo amawalemekeza kwambiri. Musakhutire ndi makoma a miyala ndi nyumba za asilikali zokha. Funsani ogwira ntchito kumeneko za Dred Scott ndi mkazi wake Harriet, amene adakhala pamenepa ali akapolo m'zaka za m'ma 1830, ndipo mufunsenso za Adakota pafupifupi 1,600, makamaka amayi, ana ndi okalamba, amene adatsekeredwa mumpanda kumunsi kwa lingali kuyambira kumapeto kwa 1862 mpaka 1863, ambiri n'kufera momwemo ndi chikuku ndi matenda ena. Pamene padali mpandawo pali mkati mwa Fort Snelling State Park, ndipo ndikuona kuti ulendo sukwanira ngati simunatsikireko mwaulemu.

Ku Minneapolis pitani ku Mill City Museum, imene idamangidwa m'mabwinja a chigayo cha tirigu cha Washburn A. Chigayo choyamba pamalopa chidaphulika mu 1878 fumbi la ufa litagwira moto, ndipo anthu 18 adafa. Kwerani chikepe cha Flour Tower mukaonere pamwamba mathithi a St. Anthony, amene madzi ake ankayendetsa makina.

Nsanja younikira sitima ya Split Rock, imene idayamba kugwira ntchito mu 1910 m'mbali mwa nyanja ya Superior, ili pamtunda wa maola oposa atatu pagalimoto kuchokera ku Minneapolis, motero konzani zokagona kufupi ndi kumeneko, ndipo mutenge chovala cha mphepo ngakhale m'mwezi wa Julayi.