Mwagula kamera ya DSLR? Nayi njira yoyambira kujambula

Achinyamata kuno ku Kasungu ayamba kugula makamera a DSLR, aja otha kusintha lenzi, monga Canon EOS 2000D kapena Nikon D3500, ena pofuna kumapeza kangachepe pa maukwati ndi zinkhoswe. Koma kamera ikangokhala pa Auto imasankha yokha chilichonse, ndipo nthawi zambiri imasankha molakwika pa dzuwa lathu lino.

Choyamba, tchajani batire mpaka lidzaze. Lowetsani memory card, pitani pa Menu musankhe Format. Izi zimafufuta zonse zomwe zili pa khadiyo, choncho zichiteni ili yatsopano. Magetsi akamazimazima, batire lachiwiri ndi lofunika kuposa chikwama chokongola.

Chachiwiri ndi kagwiridwe. Lamba m'khosi, dzanja lamanja pa kamera, lamanzere pansi pa lenzi, zigongono zitsamire nthiti. Batani lojambulira musalikanikize kamodzi n'kamodzi. Likhudzeni pang'ono kaye mpaka kamera ilire kuti yagwira nkhope ya munthu, kenaka dinikizani mpaka pansi.

Chachitatu, chokani pa Auto. Zungulitsani kagudumu ka pamwamba kafike pa Av ngati ndi Canon, kapena A ngati ndi Nikon. Apa inu mumasankha aperture, kabowo kolowetsa kuwala m'lenzi. Nambala ikakhala yaing'ono monga f/3.5, bowolo ndi lalikulu, ndipo zakumbuyo kwa munthu zimazimirira. Gulu la anthu, monga akuchikazi ndi akuchimuna atandandalika pa chinkhoswe, limafuna f/8 kuti a kutsogolo ndi a kumbuyo omwe aoneke bwino. ISO, nambala yoonetsa mmene kamera imamvera kuwala, ikhale 100 panja masana. M'tchalitchi kwezani mpaka 800 kapena 1600, ndipo yang'anani kuti shutter, kachitseko kotseguka ndi kutseka pojambula, isachedwe kuposa 1/60 ya sekondi, apo ayi chithunzi chimagwedera.

Tsopano pali chinthu chomwe ndimafuna aliyense wojambula kuno achidziwe. Kamera imayeza kuwala kwa chithunzi chonse. Mkwatibwi akavala diresi loyera ataima pabwalo masana, kumwamba kuli mbee, kamera imaona kuti kwawala kwambiri n'kuchepetsa kuwalako. Zotsatira zake nkhope imatuluka bii, maso osaoneka, pamene diresi laoneka bwino. Mankhwala ake ndi batani lolembedwa +/-. Ligwireni, zungulitsani kagudumu kosinthira manambala, osati ka Av kaja, mpaka pa +1, jambulani, muone. Koposa apo, asunthireni anthu mumthunzi wa mtengo wa mango kapena pakhonde, nkhope zitayang'ana kumene kukuchokera kuwala. Kuwala kwa m'mamawa ndi kwa chakumadzulo ndiye kokoma pa khungu lathu.

Zovina zimafuna liwiro. Ikani pa Tv ngati ndi Canon, kapena S ngati ndi Nikon, shutter 1/500, kuti mwendo ugwidwe uli m'malere. Ngati ndi Gule Wamkulu, pemphani kaye chilolezo kwa mfumu ndi akuluakulu a mwambowo musanatulutse kamera, ndipo akakuletsani, mverani.

Fumbi la September ndi October ndi mdani wamkulu. Musasinthe lenzi m'mphepete mwa msewu kapena pabwalo la gule. Zimitsani kamera, lowani m'nyumba kapena m'galimoto, iweramitseni pansi, sinthani mwachangu. Lenzi ipukuteni ndi kansalu kake kofewa, osati malaya kapena chitenje, ndipo mkati mwa kamera musalowetsemo chala. Nyengo ya dzinja musaitsekere m'chikwama chachinyezi, chifukwa lenzi imachita nguwi.

Lenzi ya 18-55mm yomwe imabwera ndi kamera ndi yokwanira pa ukwati, koma ku Kasungu National Park, komwe kunabwera njovu 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022, siifika patali. Kumeneko mufunika ya 70-300mm. Njovu ikaoneka yaing'ono m'kamera pa damu la Lifupa, musatsike m'galimoto kuti muiyandikire.

Mukamaliza kujambula gulu, musawabalalitse anthu. Dinikizani batani loonetsa zithunzi, kulitsani pa maso a munthu, ndipo ngati sakuoneka bwinobwino, bwerezani pomwepo.